Mafunso ndi mayankho pa mafilimu a ngwazi amene taonera posachedwapa

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera tikakumana ife okonda kanema a kuno ku Harare, kaya ku Mufakose, ku Mabvuku kapena pa mzere wodikira kombi ku Copacabana. Mayankhowa ndi anga, ndipo anzanga ena sagwirizana nawo. Pena ndiulula mathero a filimu, ndiye amene simunaonere Superman wa 2025, Thunderbolts* ndi Black Panther zonse ziwiri, werengani mukudziwa zimenezo.

Pa mafilimu a ngwazi a 2025, ndionere iti ngati bandulo yanga ikukwana filimu imodzi yokha?

Thunderbolts*. Ndikudziwa kuti okonda Superman andilalatira, ndipo kumbali ya ndalama iwo ndiwo anapambana: Superman anadutsa madola 600 miliyoni padziko lonse pamene Thunderbolts* sinafike n'komwe pa 400 miliyoni. Koma inu mwafunsa filimu yoti muonere, za thumba la Disney, eni kampani ya Marvel imene inaipanga, tiwasiyire eni ake.

Inatuluka mu Meyi 2025, anaitsogolera ndi Jake Schreier. Anthu ake ndi makombo a mafilimu ena, aganyu opha anthu amene bwana wawo Valentina wawatsekera malo amodzi kuti aphane okhaokha, umboni wa zonyansa zake ufafanizike. Florence Pugh ndiye Yelena, ndipo filimu yonse yatsamira pa nkhope yake. Poyamba penipeni ali pamwamba pa nsanja ya Merdeka 118 ku Kuala Lumpur, akudumpha, ndipo m'mawu ake mukumva munthu amene chilichonse chamukwana. Mdani wamkulu ndi mnyamata wina dzina lake Bob, wovutika maganizo, amene mdima wa mumtima mwake ukasefukira umasandutsa anthu a mu New York zithunzithunzi zapansi. Wotereyu chibakera sichimutha. Pamapeto anzake aja akulowa mumdimamo, akumupeza akudzimenya yekha, n'kumukumbatira zolimba mpaka atasiya. Amene munasungapo m'bale wongodzitsekera m'chipinda, wosafuna kudya ngakhale kulankhula, muona kuti olemba nkhaniyi matendawa amawadziwa.

Wachiwiri ndimaika Superman, yachitatu The Fantastic Four: First Steps. Imeneyi phata lake ndi labwino. Galactus, chimphona chodya maiko, akuti dzikoli alisiya ngati Reed ndi Sue amupatsa mwana wawo. Iwo akukana, ndipo anthu amene dzulo ankawaombera m'manja ayamba kuwatukwana. Vanessa Kirby, amene ndi Sue, umayi waugwira bwino zedi. Kungoti filimuyo ikuthamanga, mkangano waukulu chonchi ukutha ndi kulankhula kamodzi kokha pagulu. Kumchira kuli Captain America: Brave New World. Anthony Mackie, amene ndi Captain America, alibe mlandu. Mlandu ndi wa amene anaonetsa Harrison Ford atasanduka Hulk wofiira pa zotsatsira zonse, kenako m'filimumo n'kumatisunga nthawi yaitali ngati pali chinsinsi.

Bwanji Superman watsopanoyu akungomenyedwa? Si wofooka ameneyu?

Funsoli limachokera kwa achimwene athu amene anakulira mavidiyo a Rambo ndi Commando, kumene lamulo linali limodzi: mwini filimu safa, akagwa ndiye kuti akupuma. James Gunn anayamba filimu yake ya Julayi 2025 Superman ali thapsa pa chipale chofewa, magazi ali chuchuchu, atagonja koyamba, mpaka galu wosamva uja Krypto n'kumukoka ndi chovala kupita naye kunyumba. Ena zinawanyansa. Ine ndinaona nzeru. Munthu amene chipolopolo sichimulowa nkhani yake imavuta kulemba, chifukwa woonera alibe chomudetsa nkhawa. Gunn anamupatsa mabala awiri, la pathupi ndi la pa mbiri.

La pa mbirilo ndiye lokoma. Superman waletsa dziko lopeka la Boravia kulanda dziko loyandikana nalo la Jarhanpur, osapempha chilolezo kwa aliyense. Lois Lane, amene ndi Rachel Brosnahan, akumukhazika pansi kunyumba n'kumupanikiza ndi mafunso a utolankhani, kuti anamutuma ndani ndipo ankaimira boma liti. David Corenswet, amene ndi Superman, akuyamba ndi kumwetulira, kenako mtima ukukwera, ndipo kwa mphindi zingapo palibe chophulika koma simungachotse maso. Ndiye mdani wake Lex Luthor akutulukira ndi uthenga wa makolo a Superman a ku Krypton, wonena kuti anamutumiza kudzalamulira anthu. Tsiku silinathe, mpulumutsi uja wasanduka mlendo wokayikitsa.

Mutu umenewu ndi wakale kwa Superman. Anaonekera koyamba mu 1938, ndipo amene anamupeka, Jerry Siegel ndi Joe Shuster, anali ana a Ayuda osamuka kuchokera ku Ulaya. Mwana wobadwira kutali, woleredwa ndi alimi a ku Kansas, wa maina awiri. Gunn wangoubwezera mutuwo pakati.

Chondibowa n'choti anthu achulukamo. Green Lantern, Hawkgirl, Metamorpho, Engineer, aliyense akufuna mphindi zake. Pa onsewo amene ndinalakalaka kumuonanso ndi Mister Terrific wa Edi Gathegi, wobadwira ku Kenya, amene amamenya nkhondo nkhope ili ngati wamuchedwetsa ku msonkhano.

Black Panther ndi ya 2018. Bwanji mumangoibwereza ngati yatuluka dzulo?

Chifukwa pakati pathu mlandu wa Killmonger, mdani wa m'filimuyo, sunagamulidwe. Zina zonse tinagwirizana kalekale. Zovala za Ruth E. Carter zinayenera Oscar imene analandira. Mabulangete a Abasotho ndi mphete za m'khosi za Amandebele zinaoneka mwaulemu. Mawu a Baaba Maal pamene ndege ikulowa mu Wakanda, dziko lopeka la m'filimuyo, amachititsa tsemwe. Nkhondo yomaliza ija, ya zipembere za pakompyuta ndi amphaka awiri akulimbana mumdima pa njanji, ndi yonyozeka. Koma mungotchula Michael B. Jordan, amene ndi Killmonger, bwalo lagawikana.

Taganizirani mbiri ya mnyamatayo. Bambo ake ndi mwana wa mfumu ya ku Wakanda, anatumidwa ku Oakland, nafera komweko mu 1992 m'manja mwa mkulu wawo. Abale ananyamuka usiku womwewo kubwerera kwawo, mwana n'kumusiya akusewera panja. Anakula akumva za kwawo kokongola kumene sanapondeko. Atafikako ali wamkulu, anachita kuonetsa mphete ya agogo ake ndi kutchula dzina la bambo ake m'chinenero cha komweko kuti akuluakulu amukhulupirire.

Ife zidzukulu za matchona nkhani imeneyi imatifika pena pake. Agogo athu anabwera ku Halale, ena pa malole a Ulere, ena kudzera ku Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, ena wapansi, kudzagwira ntchito m'mapulazi, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Ambiri sanabwerere. Ana awo anabadwira ku Mbare, ku Highfield, ku Tafara, nakula ndi zitupa zowalemba kuti ndi alendo, mpaka malamulo oyendetsera dziko a 2013 anavomereza kuti wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo lochokera m'maiko a SADC ndi nzika. Kuno ankatinena kuti tilibe mutupo, kapena kuti mfunda, ngati kuti Phiri, Banda ndi Mwale ndi maina otola pamsewu. Ndiye mupite ku Dedza kapena ku Mangochi kukafuna mudzi wa agogo. Akumvetserani Chichewa chanu chosakaniza ndi Chishona, n'kuuzana kuti kwabwera alendo a ku Zimbabwe. Munda anagawana kalekale.

Choncho mkwiyo wa Killmonger timaumva. Ngakhale zimene akufunsa mayi wa kunyumba yosungira zakale ku London, zoti zinthu za ku Africa zinafika bwanji m'magalasi amenewo, aliyense wodziwa ulendo wa mbalame zamwala za Great Zimbabwe amagwedeza mutu. Chidutswa cha imodzi chinachita kubwera kuchokera ku Germany mu 2003.

Komabe ine ndimakana kuti anali wolondola. Onani zimene akuchita atangokhala pampando. Akulamula kuti munda wa mankhwala a ufumu uotchedwe kuti pasadzakhalenso mfumu pambuyo pake, ndipo mayi wachikulire wousamalira akumukanyanga pakhosi. Chibwenzi chake anali atachiwombera kale osaphethira. Munthu akuti akumenyera anthu akuda a dziko lonse, koma oyamba kufa ndi akuda amene ali naye pafupi. Ryan Coogler, wotsogolera filimuyi, anachenjera pamenepa. Funso loona analipatsa mdani, yankho n'kulipatsa Nakia wa Lupita Nyong'o, amene kuyambira pachiyambi ankati Wakanda atsegule zipata athandize ena, popanda kutumiza zida kwa aliyense. Chigawo chimene chimandigwira koposa ndi pamene mfumu T'Challa, Black Panther mwini wake, akukumana ndi mizimu ya makolo ake n'kuwauza pamaso kuti analakwa kumusiya mwana uja. Mwana woleredwa Chichewa kuwauza choncho bambo ake omwalira n'kovuta ngakhale kutulo.

Nanga Wakanda Forever inafikapo pa yoyamba ija?

Sinafikepo, koma sindiilalatira kwambiri. Chadwick Boseman, amene anali T'Challa, anamwalira pa 28 Ogasiti 2020 ndi khansa ya m'matumbo ali ndi zaka 43, atadwala zaka zinayi mwakachetechete. Coogler anali atalemba kale nkhani ina, anachita kuyambiranso. Marvel inasankha kusaika munthu wina pamalo pa T'Challa, ndiye filimu ya Novembala 2022 ikuyamba ndi maliro, ndipo chisoni cha osewerawo chikuoneka kuti si choyeserera. Angela Bassett, mfumukazi Ramonda, analowa m'gulu la opikisana pa Oscar, woyamba kufika pamenepo chifukwa cha kasewero kake mu filimu ya Marvel. Namor wa Tenoch Huerta ndi mdani wogwira mtima, mfumu ya anthu a pansi pa nyanja amene makolo awo Amaya anathawira m'madzi pothawa nthomba yobwera ndi Asipanya.

Vuto ndi kutalika, maola 2 ndi mphindi 41. Za Valentina ndi Everett Ross ku America zija anaziikamo kuti zikonze njira ya mafilimu akutsogolo. Mutazichotsa mutsala ndi nkhani ya Shuri, mtsikana wa sayansi wokana miyambo ya maliro chifukwa akudziimba mlandu kuti analephera kuchiritsa mlongo wake T'Challa. Mapeto ake, ali m'mbali mwa nyanja ku Haiti akuotcha zovala za pamaliro, amandikumbutsa tsiku lometa. Mpaka mwambo wotsirizawo utachitika, maliro amakhala akadali pakhomo.

Ndi zoona kuti mu Wakanda muli wa ku Harare komanso wa magazi a ku Malawi?

Ndi zoona. Danai Gurira, mkulu wa asilikali aakazi Okoye, anabadwira ku Iowa mu 1978, makolo ake n'kubwerera naye ku Harare mu 1983. Anakulira kuno, anaphunzira ku Dominican Convent, ndipo ndi mmodzi wa amene anayambitsa Almasi, bungwe lophunzitsa zisudzo mumzinda muno. Malemu Connie Chiume, mmodzi wa akuluakulu a pabwalo la mfumu m'mafilimu onse awiri, anabadwira ku Welkom ku South Africa, koma bambo ake anali a ku Usisya ku Nkhata Bay. Nayenso mwana wa mtchona. Anatisiya mu Ogasiti 2024. Chinenero chimene amalankhula m'nyumba ya mfumu ndi isiXhosa, ndipo chinalowa ndi John Kani, amene anali mfumu T'Chaka mu Captain America: Civil War ya 2016.

Ndiyenera kuonera mafilimu onse a Marvel kuti ndizitsata nkhani?

Ayi ndithu. First Steps ndi filimu ya nambala 37 kuyambira pa Iron Man wa 2008, osawerengera zapa TV zimene zimatuluka pa Disney+. Munthu wodzuka mbandakucha kukagwira kombi ya ku Msasa nthawi imeneyo aitenga kuti?

Mukafuna msana wa nkhaniyo, yambani ndi Iron Man, kenako The Avengers ya 2012, The Winter Soldier ndi Guardians of the Galaxy za 2014, Civil War, Thor: Ragnarok, Black Panther, n'kumalizira Infinity War ya 2018 ndi Endgame ya 2019. Pamenepo nkhani inatha bwinobwino, ndipo mukhoza kutsika osadandaula. Pa zatsopanozi, First Steps ndi Superman sizifuna kuti mudziwe chilichonse. Thunderbolts* imakoma kwambiri mukaonera kaye Black Widow ya 2021. Brave New World ndiye yachipongwe: ikufuna muzikumbukira The Incredible Hulk ya 2008, Eternals ya 2021 ndi sewero la pa TV la Falcon, zonsezo kuti mumvetse filimu yosakoma.

Akuti anthu atopa nawo mafilimu a ngwazi. Ndi zoona?

Manambala akunena ziwiri. Endgame inapeza pafupifupi madola 2.8 biliyoni. Patangopita zaka zinayi The Marvels inangodutsa pang'ono 200 miliyoni, yotsika kuposa ina iliyonse pa mndandanda wa Marvel uja. Joker wa 2019 anadutsa biliyoni imodzi, wotsatira wake wa 2024 anagwa chagada. Koma chaka chomwecho Deadpool & Wolverine inadutsa 1.3 biliyoni. Ndiye anthu akadapitabe, kungoti anasiya kupita chifukwa cha chizindikiro chofiira cha Marvel chokha.

Chimene chinaononga zinthu, m'kuona kwanga, ndi nkhani ya maiko ambirimbiri ofanana, kumene munthu akafa kuno amakamutenga wina wofanana naye ku dziko lina. Imfa ya Tony Stark, Iron Man uja, mu Endgame inaliza anthu chifukwa kwa kamodzi mwini filimu anafadi. Wolverine naye tinamuika m'manda mwaulemu mu Logan ya 2017. Koma mu 2024 Hugh Jackman anabwerera ngati Wolverine yemwe uja, ndipo mu Julayi 2024 analengeza kuti Robert Downey Jr., amene anali Tony Stark, abweranso mu Avengers: Doomsday, ulendo uno ngati Doctor Doom. Woonera akazindikira kuti manda a m'mafilimuwa sakhala otseka, amasiya kulira, ndipo akasiya kulira amayamba kuona kuti kuthamboko kwangodzaza zowala za pakompyuta.

Mu 2019 Martin Scorsese anati mafilimu a Marvel ali ngati malo a masewera okwera zozungulira, sawawerengera ngati kanema weniweni. Anthu anamukwiyira kwambiri. Ine ndimati pa Ant-Man and the Wasp: Quantumania mkuluyo ananena zoona, pa Black Panther ndi Logan anaphonya.

Marvel kapena DC?

Funsani dzina la wotsogolera. The Dark Knight ya Christopher Nolan ndi The Batman ya Matt Reeves ndi za DC, koma Suicide Squad ya 2016 nayonso ndi ya DC. Kampani ya Sony inatipatsa Spider-Man wa katuni, Into the Spider-Verse, amene analandira Oscar, ndipo yomweyo inatipatsa Morbius, Madame Web ndi Kraven the Hunter. Amene anaonera zitatu zimenezi mpaka kumapeto tiwapepese.

Ana anga amakonda Spider-Man. Ndingawaonetse filimu iliyonse ya munthu wovala chigoba?

Chonde ayi. Makolo ambiri amaona zovala zofiira ndi zachikasu pa Deadpool & Wolverine n'kuganiza kuti ndi za ana. Ku America inapatsidwa chilembo R, kutanthauza ya akuluakulu, ndipo mphindi zoyambirira zokha zili ndi magazi ndi kutukwana kokwanira chaka. Joker ndi Logan nazonso ndi R. The Batman ili pa PG-13, chenjezo kwa makolo a ana osafika zaka 13, koma ndi nkhani ya chigawenga chopha anthu mmodzimmodzi, yamdima, ya pafupifupi maola atatu. Mwana wa giredi 3 agona kapena alota zoopsa. Thunderbolts* ndingaonere ndi wachinyamata wa ku sekondale, ndipo ikatha ndingakhale naye pansi kucheza.

Ana apatseni Miles Morales, Spider-Man wa katuni uja. Into the Spider-Verse ya 2018 ndi Across the Spider-Verse ya 2023 ndi zokongola kuposa mafilimu ambiri a anthu enieni, ndipo mkatimo muli nkhani ya mwana ndi makolo ake imene inunso ikukhudzani. Muwachenjeze kuti yachiwiriyo ikuthera panjira, apo ayi mudzayankha mlandu ndinu.

Kuli bwino kupita ku holo ya kanema, kapena foni ndi fulashi n'zokwanira?

Akuluakulu amasimba za bayisikopo ya ku Stodart Hall ku Mbare, kumene holo yonse inkakuwa kuchenjeza mwini filimu kuti mdani ali kumbuyo. Maholo ena akale a m'tauni anasanduka matchalitchi ndi mashopu, ndipo zaka zapitazi takhala tikudalira a ku Joina City ndi ku Sam Levy's Village ku Borrowdale. Wochokera ku Dzivarasekwa kapena ku Epworth akawerengera kombi ziwiri, tikiti ndi mbuliwuli, ndalamayo ndi ya ndiwo za masiku angapo. Sindingamunene munthu woonera pafoni.

Ndingoti sankhani. Filimu ya phokoso ndi zimphona, ngati Galactus akuyenda pakati pa nyumba zosanja, imafuna sikirini yaikulu. Filimu ya nkhope ndi mawu imapirira pa TV ya kunyumba. The Batman pafoni masana muona nkhope yanu yokha pagalasi. Chimene ndimakana kwamtuwagalu ndi makope ojambulidwa mobisa m'holo, aja mumaona mitu ya anthu ikudutsa ndi chizindikiro cha kampani ya juga chikuyandama pakati. Munthu amaonera chinthu choterocho n'kumalengeza kuti filimu ndi yosakoma, chonsecho theka lake sanalione.

Palinso mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, amene amabwera pa mafulashi ndi abale odzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Womasulira amalankhulira anthu onse yekha, amawapatsa maina a kumudzi, n'kuthiramo nthabwala zimene mwini filimu sanalotepo. Pa filimu ya zibakera amakometsa, ndipo agogo amene Chingerezi chimawadutsa amaseka mpaka misozi. Koma womasulira sadziwa kukhala chete. Malo amene filimu yafuna bata, ngati pa maliro a T'Challa, iye amapezapo mpata wa nthabwala ina.

Ena amati ngwazi za zigobazi n'chimodzimodzi gule wamkulu. Mukuti bwanji?

Ndikuti ayi, ndipo ndiyankha mwachidule chifukwa za kudambwe sitikambira pano. Peter Parker, amene ndi Spider-Man, amavala chigoba kuti adani asadziwe kumene azakhali ake amakhala, ndipo kukoma konse kwa filimu kuli poti ife oonera tikudziwa amene ali mkatimo. Gule akatuluka ku Mufakose kapena ku Tafara, pamaliro kapena pachinamwali, chimene chafika pabwalo ndi chilombo, ndipo funso loti muli ndani silifunsidwa. Mwambowu UNESCO inauzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu a Malawi, Zambia ndi Mozambique. Pa mafilimu onsewa, amene wayandikirako pang'ono ndi Black Panther, chifukwa udindo wake umadzera kwa makolo ndipo wolandira amayamba wakwiriridwa kuti akaonane nawo.

Nanga ngwazi zathu za kuno zili kuti?

Zayamba kuoneka, makamaka m'makatuni. Supa Team 4, imene anaipeka ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, inayamba pa Netflix mu Julayi 2023: atsikana anayi a sukulu, Komana, Monde, Temwe ndi Zee, akuteteza Lusaka wa m'tsogolo motsogozedwa ndi Mama K. Chaka chomwecho mu Kizazi Moto: Generation Fire munali kafilimu ka Pious Nyenyewa ndi Tafadzwa Hove, Mukudzei, ka mnyamata amene akuononga chipilala cha Great Zimbabwe n'kupezeka ali mu Zimbabwe wina amene atsamunda sanamulamulirepo.

Za anthu enieni zouluka m'mwamba zimafuna ndalama zimene opanga mafilimu athu alibe, ndipo sindiona chifukwa chopikisana ndi Hollywood pa zophulika. Neria analibe chophulika ngakhale chimodzi, koma mpaka lero mukatchula za kulanda chuma cha mayi wamasiye anthu amakumbuka filimu imeneyo. Cook Off, yopangidwa ndi ndalama zochepa kuno ku Harare, inafika pa Netflix mu 2020. Ku Malawi Shemu Joyah wakhala akupanga mafilimu a nkhani zolemera ngati The Last Fishing Boat.

Amene amafunsa za The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, inde ioneni. Ndi nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anapanga makina a mphepo ndi zitsulo zotola ndi njinga pambuyo pa njala ya 2001 ndi 2002. Chiwetel Ejiofor, yemwe uja ndi Mordo mu Doctor Strange, anaitsogolera n'kuseweranso ngati bambo ake. Anayesetsa kuphunzira Chichewa, ulemu umenewo timupatse. Koma iye, mnyamata wa ku Kenya Maxwell Simba ndi Aïssa Maïga akamalankhula, ife eni chinenero timathamangira kuwerenga mawu a Chingerezi olembedwa pansi. Akangolankhula Lily Banda khutu limapuma.

Kunja kwa za ngwazi, pali ina imene yakugwirani mtima?

Sinners, ya Epulo 2025, ya Coogler yemwe uja. Michael B. Jordan akusewera mapasa, Smoke ndi Stack, amene abwerera kwawo ku Mississippi mu 1932 kukatsegula malo a dansi a anthu akuda, ndipo usiku wotsegulira womwewo kukufika anamapopa. Pakati pa filimuyi pali chigawo chimene mnyamata Sammie akuimba gitala mpaka oimba ndi ovina akale ndi a m'tsogolo akutulukira m'chipinda chimodzi, ng'oma za ku Africa zili pomwepo. Palibe filimu ya ngwazi ya chaka chimenecho imene ili ndi mphindi zolimba mtima choncho. Chodabwitsa china, nkhaniyi sinachokere m'buku la zithunzi kapena pa filimu yakale, ndipo anthu anakhamukirabe kukaonera. Ndi ya akuluakulu okha, ana agone kaye.

Filimu ikatha, ndidikire mpaka maina onse adutse?

Zimatengera filimu. Chizolowezichi kwa Marvel chinayamba mu 2008, pamene Samuel L. Jackson anatulukira ngati Nick Fury kumapeto kwa Iron Man. Pa Thunderbolts* dikirani mpaka kumapeto kwenikweni, kuli kachigawo kolumikiza ndi Fantastic Four. Pa First Steps dikirani pakati pa maina, muona chovala chobiriwira cha Doctor Doom. Pa Wakanda Forever kachigawo ka pakati pa maina ndi mbali ya nkhani yeniyeni, musakaphonye. Pa Sinners musayerekeze kudzuka, chifukwa woimba Buddy Guy akubwera ngati Sammie atakalamba ndipo mathero enieni ali pamenepo. Endgame ilibe kachigawo kalikonse. Tiwiri ta Superman ndi tanthabwala chabe, ndiye ngati mwaonera ya usiku ndipo kombi za kwanu zimatha msanga, nyamukani.